Mtengo Unenedwe Nsalu Isanadulidwe

Bambo anga adali telala. Zaka zonse za ubwana wanga makina ao a Singer adali pakhonde la sitolo ina pa Mitundu, ndipo ine ndikaweruka ku sukulu ndinkakhala pambali pao, kutola tizidutswa ta nsalu ndi kuwalowetsera ulusi m'singano pamene maso ao adayamba kufooka. Munthu akabwera ndi nsalu yake, bambo ankaiyala pathebulo, namuyesa mwiniyo ndi tepi, nanena mtengo. Mwini nsalu ankadandaula, bambo ankaseka, natsitsa pang'ono kapena kukana, ndipo nthawi zina kukambiranako kunkatha theka la ola. Koma sizasi inkakhala chigonere pathebulo kufikira onse awiri atamvana. Tsiku lina nditawafunsa chifukwa chake, adandiyankha kuti, "Mwana wanga, nsalu ikadulidwa sibwereranso ku sitolo." Mau amenewa ndidawamva ndi khutu limodzi, ndipo padapita zaka zambiri ndisanadziwe kulemera kwake.

Ine sindidatsate nchito ya bambo. Ndidaphunzira za makompyuta, ndidalembedwa nchito zaka zingapo mu mzinda wa Lilongwe, ndipo m'chaka cha 2019 ndidasiya kuti ndiime pandekha. Kuyambira pamenepo ndimayenda m'masitolo, m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono, kukonza makompyuta oonongeka, kulumikiza mawaya a intaneti, kuika mapulogalamu owerengera ndalama, ndi kulangiza eni ake zoyenera kugula. Anzanga amandichitira nsanje chifukwa ndilibe bwana, koma amaiwala kuti munthu wopanda bwana alibenso tsiku la malipiro. Lendi ya nyumba, fizi ya ana, ufa ndi makala, zonsezi zimachokera pa kapepala kamodzi kotchedwa invoisi, ndiko kuti kalata imene ndimalembera kasitomala nditatha nchito, yonena zimene ndachita ndi ndalama zimene ayenera kupereka. Kapepalako kakalemekezedwa, banja langa limadya. Kakanyozedwa, timagona tikuwerenga masiku.

Madzulo a Lolemba, pa 30 Okutobala 2023, adandiimbira foni mkulu wina amene ali ndi sitolo ya simenti, malata, misomali ndi utoto. Dzina lao sinditchula, pakuti cholinga changa si kuwachititsa manyazi. Mau ao adali onjenjemera. Magetsi adathima mwadzidzidzi kompyuta ili mkati molemba, ndipo atayakanso kompyutayo idakana kudzuka. M'menemo ndimo mudali maina a amisiri onse omanga amene adatenga katundu pa ngongole, ndipo mwezi udali kutha, nthawi yoti atumize makalata okumbutsa. Ndidakwera minibasi madzulo omwewo. Nditafika ndidapeza kuti kabokosi kosunga magetsi, kamene timakatcha UPS, batire yake idafa kalekale, ndipo sadasungepo zolemba zao pamalo ena alionse. Ndidatsegula pakamwa kuti ndinene za mtengo, koma mkuluyo adandigwira paphewa nati, "Achimwene, za ndalama tisavutane. Ingopulumutsani sitolo yanga, zinazo tidzaonana." Ndidachita manyazi kunena za ndalama kwa munthu wamkulu amene adali m'mavuto otere. Ndidanyamula kompyuta ija, ndipo potero ndidadula nsalu mtengo usadanenedwe.

Ndilongosole pang'ono nchito imene idatsatira, pakuti mkangano wonse udagona pa kusaoneka kwake. Zolemba za m'kompyuta yakale zimakhala m'kabokosi kachitsulo kotchedwa hadi disiki. Mkati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pa timbaleto osatikhudza. Disiki ikayamba kufa, kuiyatsa kulikonse kumaonjezera bala. Tsono mmisiri wodziwa sayamba ndi kuikonza, koma amayamba ndi kukopera zonse zili m'menemo, kachigawo ndi kachigawo, kupita ku disiki ina yamoyo, nadumpha malo ovulala, nabwererako pambuyo pake mobwerezabwereza. Nchito imeneyi siifulumizika, ndipo siisiyidwa yokha. Ndidaitana mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ndimamuphunzitsa nchito, ndi kumulonjeza K50,000. Usiku uwiri tinkasinthana kugona, wina akuyang'anira makina ndi batire yathu ya kunyumba kuti magetsi asatidukire pakati. Fayilo ya ngongole idatuluka yong'ambika, kotero kuti tsiku lachiwiri lonse tidali kuilumikiza ndi kuifanizira ndi mabuku a malisiti a m'sitolo, dzina ndi dzina. M'mawa wa Lachitatu zonse zidaoneka, ngongole zopitirira K11 miliyoni. Ndidaika disiki yatsopano ya mtundu wa SSD, imene ilibe timbale tozungulira, ndi batire yatsopano mu UPS, zonse zochokera m'katundu wanga amene ndidagula ndi ndalama zanga.

Mkulu uja ataona maina a angongole ake pagalasi la kompyuta adaomba m'manja, nanditcha dokotala, naitana anyamata ake kuti adzaone. Pamenepo ndidatulutsa invoisi. Disiki K95,000, batire K35,000, nchito K250,000, zonse pamodzi K380,000. Adavala magalasi, nawerenga kawiri, ndipo nkhope yao idasintha.

"Achimwene, kodi simudaonjeze ziro mwangozi?"

"Ayi bambo, ndi momwemo."

"Zitsulozi ndikumva, pakuti ndaziona ndi maso anga. Koma K250,000 njachiyani? Anyamata angawa amasenza simenti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, thukuta lili kamukamu. Inu mwangokhala pampando nkumadina mabatani."

Ndidayesa kufotokoza za usiku uwiri uja, koma mau adandithawa, chifukwa ndidalibe chowaonetsa. Iwo adapitiriza kuti pali mnyamata wina kumsika amene akadachita zomwezo ndi K30,000, kuti malonda sakuyenda, ndi kuti ndikawaganizira adzanditchula kwa anzao onse. Potsiriza adati adzapereka K230,000, ndiye kuti mtengo wa zitsulo ndi K100,000 ya nchito, ndipo osati tsiku limenelo, koma angongole ao akayamba kubweza. Ndidaimirira pakati pa matumba a simenti mtima ukuwawa, osakhala ndi pepala lililonse limene iwo adasainapo. Ndikadapita ku bwalo la milandu ndikadanena kuti tidapangana chiyani? Sitidapangane kanthu. Ndidavomera.

Patangopita sabata imodzi, pa 9 Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi ya ku America, imene inkagulitsidwa pafupifupi K1,180, idafika pa K1,700. Aka sikadali koyamba, pakuti m'mwezi wa Meyi 2022 kwacha idali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Zipangizo za makompyuta sizipangidwa kwathu kuno. Disiki, batire, waya, zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha ikagwa mitengo yake imakwera m'masiku owerengeka. Mkulu uja adandilipira kumapeto kwa Disembala. Nditapita kukagula disiki ndi batire zina zobwezera m'katundu wanga, K130,000 ija siidakwane. Motero ndidaluza kawiri: poyamba pa kunenerera, kachiwiri pa kuchedwa. Ndipo Januwale adali pakhomo ndi fizi ya ana awiri.

Tsono ndinene chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Ndalama zija zitabwera ndidaitana mphwanga ndi kumupatsa K20,000. Adaziwerenga, nandiyang'ana, nati, "Amalume, mudati K50,000." Ndidamuyankha kuti kasitomala wadula mtengo, kuti zinthu zavuta, ndi kuti akumbukire kuti akuphunzira nchito kwaulere. Mnyamatayo adathokoza ndi manja awiri monga mwa ulemu, natuluka. Mai a kunyumba adali kusankha nyemba pakhomo ndipo adamva zonse. Usiku ana atagona, ine ndikudandaulabe za mkulu wa sitolo, adandifunsa mofatsa kuti, "Bambo, kodi mau amene mwamuuza mwana uja masana si omwe aja adakuuzani a kusitolo?" Ndidakhala chete. Adapitiriza kuti, "Nanga akalipentala aja adatikhomera kabati chaka chatha? Adanena K90,000, inu mudavomera. Kabati italowa m'nyumba mudapeza kuti chitseko chake chikulira, mudapereka K65,000. Adapita osanena kanthu, ndipo chitsekocho chidaleka kulira nditangothira mafuta." Ndidafuna kukwiya, koma ndidalibe poyambira. Usiku umenewo ndidaona kuti chimene chidandichitikira si nkhanza ya munthu mmodzi. Ndi chizolowezi chimene chimatsika kuchokera kwa wamphamvu kupita kwa wofooka, ndipo ine ndidali nditachilandira kumwamba ndi kuchipereka pansi tsiku lomwelo.

Kunenerera pakokha si choipa. Tidabadwa nako ndipo tidzafa nako. Kumsika mai wogulitsa tomato amatchula mtengo, wogula amadandaula, amasekerana, amafunsana za kumudzi, ndipo pomaliza pamakhala basela. Kunenerera kotere kuli ndi chilungamo chake, chifukwa tomato akadali pathebulo ndipo ndalama zikadali m'thumba. Wogula akhoza kupita kwina, wogulitsa akhoza kudikira wina. Onse awiri ali ndi ufulu wonena kuti ayi. Koma nchito ikagwiridwa, ufulu umenewo umatsala kwa mmodzi yekha. Ine sindikadatha kubweza usiku uwiri uja, kapena kubwezera maina a angongole m'disiki yakufa. Kalipentala sakadatha kusandutsa kabati kukhalanso matabwa. Wotsitsa mtengo pa nthawi imeneyo sakunenereranso. Akungotenga chimene mnzake sangathe kuchiteteza. Bambo anga adadziwa zimenezi osaphunzira sukulu ya zamalonda, nchifukwa chake sizasi yao inkadikira.

Komabe sindifuna kuti mlandu wonse ugwere makasitomala. Nchito yathu siioneka. Womanga nyumba akaweruka, khoma limamuchitira umboni. Ife tikaweruka, kompyuta imangooneka monga idalili kale isadafe. Mmisiri akamadziwa kwambiri nchito yake, amaimaliza msanga, ndipo woonerera amayesa kuti idali yaing'ono. Palinso chifukwa china chimene anthu amatikayikira. Alipo anzathu ena amene amachotsa chipangizo chamoyo nanena kuti chafa, kapena kulipiritsa chatsopano ataika chakale. Munthu amene adapusitsidwapo kamodzi, ndipo sadziwa kusiyanitsa disiki ndi batire, chida chake chokha ndicho kukana mtengo. Mkulu uja adaona nambala yaikulu pa mzere umodzi wolembedwa kuti "nchito", osadziwa chimene chili kuseri kwake. Ndikadakhala ine, mwina ndikadafunsanso za ziro.

Kuyambira chaka cha 2024 ndidasintha kagwiridwe kanga, ndipo ndilemba pano kuti achinyamata amene akulowa nchito zotere asapunthwe pa mwala womwewo. Choyamba, munthu akandiimbira ndimamuuza pafoni pomwepo ndalama ya kubwera ndi kuyeza vuto, ndisanakwere minibasi. Chachiwiri, ndikapeza vuto ndimalemba koteshoni, ndiyo kalata yonena zimene ndidzachite, zimene sindidzachite, ndi mtengo wa chilichonse pachokha. Ngakhale pa WhatsApp imakwanira, malinga mwiniyo ayankhe molemba kuti wavomera. Ndimalembanso kuti mtengo wa zipangizo ukhala masiku 7 okha, pakuti kwacha idandiphunzitsa. Chachitatu, zipangizo amalipira zonse ndisanagule, pamodzi ndi theka la ndalama ya nchito. Chachinai, munthu akati mtengo wakula, sindikwiya, chifukwa iyi ndiyo nthawi yake yonenerera. Koma ndimamufunsa kuti tichotsepo chiyani. Mtengo ukatsika, nchitonso itsike, kuti aone kuti nambala iliyonse ili ndi thukuta lake. Chachisanu, invoisi yanga tsopano imafotokoza maola ndi zochitika tsiku ndi tsiku, imatchula tsiku lomaliza kulipira, ndi njira zolipirira, kaya ku banki, pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Chipangizo chakale ndimabwezera mwini m'manja mwake.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kusokonezedwa ndi kunenerera. China ndi msonkho. Makampani ndi mabungwe ena amadula msonkho pa malipiro a mmisiri ndi kuupereka ku Malawi Revenue Authority monga lamulo liwalamulira. Kumeneko si kukubera, koma uyenera kukhala ndi nambala yako ya msonkho, TPIN, ndi kufunsa chikalata chosonyeza ndalama imene yadulidwa. Chinacho ndi mphatso. Pali mai wina wamasiye amene ali ndi kamalo kotaipira ndi kusindikiza makalata, ndipo ndimadziwa kuti sangakwanitse mtengo wanga. Kwa iwo ndimalemba mtengo wonse, ndipo pansi pake ndimalemba ndekha ndalama imene ndachotsa. Akuluakulu adati kupatsa nkuika, koma munthu amaika chimene watulutsa ndi dzanja lake, osati chimene amufinya nacho. Anzanga ena amandilangiza kuti ndizitseka kompyuta ya kasitomala ndi mau achinsinsi mpaka atalipira. Zimenezo ndidakana. Zolemba za munthu ndi zake, ndipo amandionetsa zinsinsi za malonda ake chifukwa amandikhulupirira. Ndikasandutsa chikhulupiriro chimenecho kukhala chikole, ndaononga chinthu chokhacho chimene ndimagulitsa.

M'mwezi wa Marichi 2024 mkulu wa sitolo uja adandiimbiranso. Adatsegula sitolo yachiwiri, ndipo adafuna kuti makompyuta a masitolo onse awiri aziwerengera katundu pamodzi. Mtima wanga udafuna kukana, koma ndidapita, koteshoni ili m'manja. Ataiwerenga adati, "Achimwene, mwayambanso."

"Bambo, lero ndiye tsiku lonenerera," ndidatero ine. "Nenani zonse zimene mufuna kunena, ndipo ngati simukhutira mukhoza kuitana wina, sitidana. Koma tikamvana lero, tsiku la invoisi pasadzakhale mau ena."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adaseka. Tidakhala ola lathunthu. Adachotsa makamera amene adafuna poyamba, ine ndidachotsa mtengo wake. Adafuna kuchotsanso disiki yosungirako zolemba padera, imene timaitcha backup, koma ndidawakumbutsa za usiku wa Okutobala, ndipo adaisiya. Adasaina, napereka theka tsiku lomwelo, ndipo yotsalayo idabwera pa tsiku lake. Za K150,000 yakale ija sadatchule, inenso sindidatchule. Ndidaiwerengera ngati fizi ya sukulu imene ndidakana kuphunzira kwaulere pakhonde la pa Mitundu. Pa ndalama yoyamba ija ndidachotsa K30,000 ya mphwanga, ndi kumupepesa pamaso pa mai ake. Loweruka lotsatira ndidafunafuna akalipentala aja, ndipo nditawapatsa K25,000 yao adadabwa, chifukwa adali ataiwala, kapena adachita ngati aiwala.

Inu makolo anzanga, ambiri a ife tikugulitsa mbuzi ndi chimanga kuti ana athu aphunzire za makompyuta, ndipo ambiri a iwo sadzalembedwa nchito m'maofesi, adzaima paokha monga ine. Ana amenewa amaona m'mene timachitira ndi womanga, wosoka, wokumba chitsime ndi mtsikana wotithandiza pakhomo. Akamationa tikufunafuna chilema pa nchito yomalizika kuti tidule malipiro, amaphunzira kuti mau a pangano ndi opepuka, ndipo mawa wina adzawachitira zomwezo. Nenererani ndi mphamvu zanu zonse nchito isadayambe, koma ikatha perekani chimene mudavomera, pa tsiku limene mudanena. Ndipo inu achinyamata, musachite manyazi kutchula mtengo kwa munthu wamkulu. Kutchula mtengo mwaulemu si chipongwe. Kumateteza ulemu wa nonse awiri. Ine manyazi a mphindi imodzi adandidyera ndalama, tulo, ndipo pang'ono nkadataya mwana wa mlongo wanga. Makina a Singer aja ali kwathu kufikira lero, pamodzi ndi sizasi yake, ndipo ndikapita kumudzi ndimaigwira m'manja ndi kukumbukira kuti mwini wake sankaifulumira.